NJINGA ZAMOTO ZACIKALE ZABWERANSO: KODI ACINYAMATA APINDULAPO CIANI?

Anthu okhala m'Libala, Kabwata ndi Woodlands ayamba kuona njinga zamoto za mtundu wina pa misewu ya Chilimbulu ndi Burma, makamaka pa Loweruka ndi pa Sondo masana. Njingazi nzosiyana ndi zija zonyamula cakudya ndi katundu m'mabokosi kupita ku maofesi. Zili ndi nyali imodzi yobulungira, cishalo copyapyala cacikopa, thanki yonyezimira ndi zigwiriro zotsika. Poziona munthu angayese kuti ndi za m'caka ca 1965, koma eni ake ndi acinyamata amene anabadwa dziko lino litakwanitsa kale zaka 30 za ufulu. Akali ocepa, komabe nkoyenera kuti makolo ndi atsogoleri adziwe kumene kacitidwe kameneka kanacokera ndi kumene kangatifikitse.

Fashoni imeneyi inayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1950. Anyamata ogwira nchito m'mafakitale a mu London anali kukumana usiku pa malo odyera a Ace Cafe, amene anatsegulidwa mu 1938 m'mbali mwa msewu wa North Circular. Cikhumbo cao cinali kuthamanga liwiro la mamailosi 100 pa ola, ndiye kuti makilomita 160. Popeza analibe ndalama zogulira njinga za mpikisano, anali kudzipangira okha. Anali kucotsa zitsulo zolemera, kutsitsa zigwiriro, ndipo ena anali kuika injini ya Triumph m'felemu ya Norton, nachula njingayo kuti Triton. Njinga zoterezi ndizo zinachedwa "café racer". Ambiri a anyamatawo anafera pa msewu, ndipo anthu anali kuwaona ngati osamvera. Koma mu 1962 m'busa wina wa chalichi ca Anglican, Bill Shergold, anakwera njinga yake napita komweko kukawaitana kuti alowe m'bungwe la acinyamata la 59 Club. Iye anaona kuti mwana wokonda makina afunika womutsogolera, osati womupitikitsa.

Ife a mu Zambia tinadziwa njinga yamoto mwa njira ina. Kwa ife inali cida ca nchito. Alangizi a zaulimi, anchito a zaumoyo ndi oyang'anira masukulu anafika nayo m'midzi imene galimoto silikanafika, kotero kuti kufikira lero anthu ambiri amangoti "honda" pochula njinga yamoto iriyonse. Imodzi ya njinga zochuka za nthawi imeneyo ndi Honda CG125, imene inatuluka mu 1975. Anaipangira maiko osauka, ndi injini yosavuta kukonza ndiponso yopirira ngakhale mwini wake acedwe kusintha oilo. Njinga zonga imeneyi, zimene zagona zaka zambiri kuseri kwa nyumba, ndizo zimene acinyamata akufunafuna tsopano kuti aziukitse. Mdzukulu akatsuka dzimbiri pa njinga ya ambuye ake, asunganso mbiri ya banja lao.

Phindu lenileni la kacitidweka ndi luso la manja. Njinga zamoto zatsopano zimene tiona mu Lusaka, monga Bajaj ndi TVS za ku India ndi zina za ku China, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo masipeya ake nao acokera kunja. Kale tinali ndi Livingstone Motor Assemblers imene inali kulumikiza magalimoto a Fiat, ndi Luangwa Industries ya ku Chipata imene inali kupanga njinga zakapalasa za Eagle, koma mafakitale amenewa anafooka pamene kayendetsedwe ka cuma kanasintha m'zaka za m'ma 1990. Ndiye cifukwa cake mnyamata amene aphwasula injini yakufa ndi kuidzutsa sayenera kunyozedwa. Njinga imodzi yokonzedwanso ipatsa nchito makaniko, wowocherera zitsulo wa ku Kalingalinga, wosoka cishalo, wopaka penti ndi wolumikiza mawaya a magetsi. Ndalama zonsezo zitsala muno m'mzinda.

Njira yokulitsira luso limeneli iripo. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, liyang'anira masukulu a nchito zamanja amene apereka masatifiketi a umakaniko ndi kuwocherera. Ndiponso mu 1 caka cokha, ca 2022, Boma linakweza thumba la CDF kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iriyonse, ndipo gawo lina linapatulidwira maphunziro a luso kwa acinyamata. Libala ali m'konsticuwensi ya Kabwata. Wacinyamata amene waphunzira kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango angafunsire thandizoli ku komiti ya wadi yake, kuti cimene cinayamba ngati cosangalatsa cisanduke nchito yodyetsa banja.

Komabe akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pofuna kuti njinga ifanane ndi zimene aona pa intaneti, ena amacotsa magalasi oonera kumbuyo, nyali zolozera kokhotera ndi madigadi. Mu Lusaka, kumene mvula igwa kuyambira Novembala kufikira Epulo, njinga yopanda madigadi iponya matope kumaso kwa woyendetsa. Felemu yodulidwa ndi kuwochereredwa mosasamala ingathyoke pa dzenje limodzi. Mabuleki a njinga zakale sagwira msanga monga a makono. Ndipo paipi ya utsi yocotsedwa sailensa isokoneza ana a sukulu, okalamba ndi odwala a pa cipatala ca UTH.

Nkhani ya cisoti ndiyo yaikulu koposa. Bungwe la zaumoyo la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa caka ndi caka pa ngozi za pa msewu pa dziko lonse. Bungwe lomweli linaonetsa kuti cisoti cabwino, comangidwa bwino kukhosi, cicepetsa ngozi ya imfa ndi 42 peresenti, ndi ya kuvulala mutu ndi 69 peresenti. Kacisoti kokongoletsera cithunzi sikateteza cibwano. Lamulo la pa msewu la mu 2002, limene linabala bungwe la RTSA, silipatula njinga yacikale: laisensi, inshuwalansi ndi msonkho wa pa msewu zifunika kwa onse. Amene afuna kudula felemu kapena kusintha injini ayambe wafunsa ku RTSA, pakuti safunsa anadya phula.

Maiko ena aonetsa kuti fashoniyi ingatumikire anthu. Ulendo wa Distinguished Gentleman's Ride, umene unayamba ku Sydney mu 2012, usonkhanitsa okwera njinga zacikale m'mizinda yambiri kuti apeze ndalama zolimbana ndi khansa ya prostate ndi matenda a maganizo mwa amuna. Acinyamata a m'Libala naonso angagwirizane, akhale ndi malamulo ao, aphunzitsane kayendetsedwe kabwino ndi kulemekeza anansi. Makolo, makhansala ndi amipingo awayandikire. Inu acinyamata, kongoletsani njinga zanu monga mufunira, koma magalasi, mabuleki ndi cisoti zisiyeni m'malo mwake. Dziko lifuna manja anu ali amoyo.