Mutu wa pulojekiti ya MBA uli pa Soweto

Mwezi watha ba sisi ananitumila foni usiku, mau ali olema. Masana amaseŵenza mu ofesi ina m'tauni, madzulo amathamangila kalasi ya MBA pa yunivesiti ina muno mu Lusaka. Zaka ziŵili akhala akudzilipilila okha mafizi, ndalama zina ni za nkhongole imene imadulidwa pa malipilo. Manje afika pa pulojekiti yothela, ndipo a supavaiza awakanila mitu itatu. "Iwe mtolankhani, nipezeleko mutu," anatelo.

N'nawafunsa mitu imene inakanidwa. Wina unali wa kulimbikitsa anchito m'banki, wina wa kukhutila kwa makasitomala pa kampani ya mafoni. Anaitenga kuti? Ati pa intaneti na m'mabuku a amene anatsiliza kale.

Vuto lili pamenepo. Ambili amasakila mutu womveka monga wa digili, m'malo mwa funso limene munthu wina afuna yankho lake. Ine nikuti musanalembe mutu, dzifunseni zinthu zitatu. Ndani akutaya ndalama cifukwa cosadziŵa yankho? Kodi manambala mudzawapeza? Kodi mudzatsiliza m'miyezi imene mwapatsidwa, uku mukuseŵenza masana?

Funso laciŵili ndilo limagwetsa ambili. Banki siingatsegulile mwana wa sukulu mabuku ake. Mapeto ake mumagaŵila anzanu a mu ofesi mapepala a mafunso, iwo n'kucongako mothamanga pa lanchi. Zotulukamo palibe angazigwilitse nchito, ngakhale inu eni.

Koma mafunso ali mbwee mu mzinda uno. Mu February 2024 a President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko. Madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambili pa tsiku. Owochelela zitsulo ku Garden na ku Kalingalinga, a mabucha, a masaluni, aliyense anasankha yekha: jenseti, sola, kuseŵenza usiku kapena kutseka. Ndani anapulumuka, ndipo cinam'dyela zingati?

Imani pa kona iliyonse muŵelenge tumabuthi twa Airtel na MTN. Tusanu pamalo amodzi, tonse tulimbilana kasitomala mmodzi. Mwini akalipila mtsikana wogulitsa na malo, imatsala zingati? Pitani pa Soweto mbandakuca muone bokosi la tomato likucoka kwa mlimi, kupyola m'manja mwa apakati, kufika kwa amai ogulitsa m'komboni. Amadya kwambili ndani pa njila imeneyi? Nanga n'cifukwa ciani amai amene ali mu cilimba amapitabe ku kaloba? Mu 2022 boma linakweza CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo mbali ina ni ya nkhongole za mabizinesi. Amene anakongola mu wadi yanu akubweza? Ngati sakubweza, cawavuta n'ciani?

Ena adzati MBA ni ya mamanijala a makampani, si ya tuntemba. Nawamvela. Amene walipila ndalama zambili afuna pepala limene bwana adzalemekeza. Koma mabanki na makampani a mafoni omwewo akuthamangitsa makasitomala a pamsika, ndipo afuna munthu amene awadziŵa. Zimene Michael Porter analemba mu 1979 za mphamvu zisanu za mpikisano zimaoneka poyela pa mzele wa salaula kupambana pa bolodi ya m'kalasi.

Cenjezo lilipo. Amai a pamsika akaona munthu wa fayelo amaganiza za ZRA kapena khansolo. Yambilani kwa a komiti ya msika, fotokozani cimene mufuna, musalembe maina ao, ndipo mukatsiliza bwelelani mukawauze zimene mwapeza. Tengani kagawo kocepa: msika umodzi, malonda amodzi. Ndipo aja olengeza pa WhatsApp kuti amalembela anthu mapulojekiti, asiyeni. Tsiku loimilila pamaso pa aphunzitsi mudzakhala nokha, ndipo funso loyamba cabe lidzakuvulani.

Ba sisi sin'nawapatse mutu. N'nawafunsa cabe za amai amene amawaluka tsitsi ku Chilenje, amene anagula jenseti na ndalama ya cilimba. Manje pa Ciŵelu ciliconse amazungulila masaluni a kumeneko na kabuku, kulemba ya petulo, ya lendi na makasitomala a pa tsiku. A supavaiza avomela, angowauza kucepetsa masaluni. Amai oluka aja afunsa kale kaŵili kuti yankho lituluka liti, cifukwa afuna kudziŵa ngati agulitse jenseti agule sola.