MITA IMAWERENGA NDALAMA ZATHU, IWERENGENSO MDIMA WATHU

Anzathu a pa Njuli, a ku Limbe, Bangwe, Ndirande, Chinamwali ndi nonse muli pagulu lino: Uthengawu ndi wautaliko, koma musaudumphe. Bando yanu siipita pachabe.

Dzulo masana tinazungulira pamsika wa pa Njuli magetsi atathima. Wowotcherera zitsulo anangokhala pabenchi, geti la kasitomala lili theka. Wometa anatseka n'kupita kukaonera bawo. Kuchigayo matumba anali pamzere, amayi atakhala pamthunzi kudikira chinthu chomwe palibe anawauza kuti chibwera nthawi yanji. Tinawafunsa funso limodzi: mwezi wathawu magetsi anathima maola angati? Wina anati "ambiri", wina anati "aaa, ndani angawerenge". Titafunsa kuti mayunitsi mwagula a ndalama zingati, aliyense anatulutsa foni n'kutionetsa mpaka tambala yomaliza.

Nkhani yathu lero ili pamenepo. Kamita kali pakhoma panu ndi kakompyuta. Mukalowetsa manambala 20 aja, kamadziwa mayunitsi omwe mwagula, kamawachotsera kokha, akatha kamakudulani kokha, usiku kaya pamaliro, kopanda kupepesa. Ndiye asatinamize kuti luso lamakono silinafike kuno. Linafika kalekale, koma linayang'ana mbali imodzi: yotolera ndalama. Mbali yowerenga mdima wathu njomwe ikusowa.

Akatswiri amachitcha smart grid. Dzina lisakuopseni. Mita imakhala ndi njira yotumizira uthenga pa netiweki, ngati foni. Pakapita mphindi zingapo imauza kompyuta kuti pano magetsi alipo kapena palibe, afika ndi mphamvu yokwanira kapena ofooka oti n'kuwononga filiji. Pulogalamu ya pakompyutayo imasonkhanitsa mauthenga a mamita onse. Nyumba 40 zikangoti zii nthawi imodzi, imadziwa kuti vuto lili pa thiransifoma yakuti, munthu asanaimbe foni. Thiransifoma ikamalemedwa, zimaoneka isanapse. Magetsi otuluka pa thiransifoma akachuluka kuposa omwe mamita awerenga, zimadziwika kuti pamenepo pali kutayika kapena kuba. Basi, ndi zomwezo.

Mwina mukuti izi n'za ku Ulaya. Ayi ndithu. Ku Mthembanji m'boma la Dedza, kuyambira 2020 kuli magetsi a sola a mudzi, a makilowati 12, othandiza makasitomala pafupifupi 60. Anawakhazikitsa a University of Strathclyde ya ku Scotland pamodzi ndi bungwe la United Purpose, ndipo mamita ake, a kampani ya SteamaCo, amatumiza manambala pa netiweki ya foni. Oyendetsa amaona kuti mudziwo ukugwiritsa ntchito magetsi ochuluka bwanji ola ndi ola. Kwa Sitolo ku Mchinji kuli sola ya makilowati 80 ya Community Energy Malawi. Ku Bondo m'munsi mwa phiri la Mulanje, kampani ya MEGA imapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya n'kumagulitsa kwa anthu a m'midzi pa mamita olipiriratu. Awa ndi makampani ang'onoang'ono a magetsi, ndipo ali mommuno. Ngati mudzi wa ku Dedza ungadziwe ola lomwe mabatire ake afooka, tawuni ya m'mbali mwa msewu wa Blantyre ndi Zomba ingalephere bwanji kudziwa maola omwe yakhala mumdima?

N'chifukwa chiyani tikulimbikira za makampani ang'onoang'ono? Kumbukirani Januwale 2022. Namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kukonza kunatenga kupitirira chaka. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire. Mtsinjewo ukadwala, tonse timagona. Komanso kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse n'zomwe zimaunikira magetsi. Enawo adikira mapolo mpaka liti? Timagetsi ta m'madera, ta sola ndi ta m'mitsinje, ndi njira imodzi yowafikira msanga. Koma kakampani ka makasitomala 60 kapena 600 sikangakwanitse kulemba gulu la anthu oyenda khomo ndi khomo kuwerenga mamita ndi kusaka pomwe pavuta. Chomwe chimakasunga ndi pulogalamu ija. Popanda iyo, ndalama zimathera panjira, mabatire amafa msanga, ndipo opereka thandizo akachoka pamatsala mapanelo a fumbi.

Tinene zoona zonse, chifukwa ife sitigulitsa loto. Pulogalamu siipanga magetsi. Ngati makina a EGENCO sakukwanira, mita yochenjera chotani siingayatse babu. Ndipo yuniti ya magetsi a sola ya m'mudzi nthawi zambiri imadula kuposa ya ESCOM. Walira mvula walira matope, ndiye matope akewo tiwatchule.

Loyamba ndi madola. Mapulogalamu ambiri a mamitawa ndi a makampani akunja, amakhala pa makompyuta akunja, ndipo amalipiridwa m'ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Kakampani ka m'mudzi kamatolera makwacha kwa ogulitsa mandasi ndi ochajitsa mafoni, koma bilu ya pulogalamu imabwera m'madola. Kusiyanako kumagwera ndani? Kasitomala yemweyo.

Lachiwiri ndi kiyi. Mukukumbuka chipwirikiti cha 2024, pomwe tinkauzidwa kuti tilowetse manambala apadera mumita lisanafike tsiku la 24 Novembala? Chifukwa chake n'chakuti njira ya STS, yomwe mamita olipiriratu a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, imawerenga mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo malo owerengerawo anali kudzadza tsiku limenelo. Chinthu chomwe chinalembedwa ambirife tisanabadwe, kunja kwa dziko lino, chinagogoda pakhomo la aliyense. Phunziro lake ndi ili: amene wasunga pulogalamu ndiye wasunga swichi.

Lachitatu ndi diso. Mita yodziwa ola lomwe mwayatsa chitofu imadziwanso nthawi yomwe muli pakhomo ndi yomwe mwachokapo. Ndipo yotha kuyatsa munthu ali kutali ingathenso kuthimitsa munthu ali kutali. Ife amene timapita kumsewu ndi zikwangwani tikudziwa tanthauzo lake dera lonse litathimitsidwa tsiku la zionetsero. Sitikunena kuti zachitika. Tikunena kuti lamulo litseke khomo limenelo lisanatseguke.

Choncho sitikukana smart grid. Tikuifuna, koma ikhale yoyang'ana mbali zonse ziwiri. Kwa MERA, ku Unduna wa Zamphamvu ndi kwa aphungu athu tikupempha zinthu zinayi.

1. Aliyense wogulitsa magetsi, wamkulu kaya wamng'ono, azitulutsa mwezi ndi mwezi maola omwe dera lililonse linakhala mumdima, m'Chichewa, pafoni. Pansi pa mgwirizano wa MCC wa madola pafupifupi 350 miliyoni womwe unatha mu 2018, ESCOM inalandira makina a SCADA oonera mawaya akuluakulu pakompyuta. Diso limenelo litsike lifike pa thiransifoma ya kumsika. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zomwe akufuna kudziwa ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye sitikupempha chifundo.

2. Kampani yaing'ono ikamapatsidwa chilolezo, zilembedwe kuti manambala a makasitomala ndi a kuno, ndipo ikafuna kusintha wogulitsa pulogalamu isakakamizike kutaya mamita onse.

3. Kudula magetsi munthu ali kutali kukhale ndi malamulo omveka: wadula ndani, chifukwa chiyani, ndipo wodulidwayo akadandaule kuti.

4. Ntchito iliyonse ya magetsi ya ndalama za boma kapena za thandizo ikhale ndi gawo la achinyamata a kuno lolemba, kuyendetsa ndi kukonza mapulogalamuwa. MUBAS, MUST, Mzuni ndi UNIMA chaka ndi chaka zikutulutsa anyamata ndi atsikana odziwa zamagetsi ndi zamakompyuta. Ambirife madigiri ali mu envulopu pansi pa matiresi, tikugulitsa mayunitsi a foni. Nzeru zilipo. Chosowa ndi khomo.

Tsopano gawo lathu, mafana. Tisadikire mita yochenjera kuti itiwerengere. Kuyambira Lolemba, kwa masiku 30, aliyense alembe m'kope kapena mufoni zinthu zitatu: dera lake, nthawi yomwe magetsi athima, nthawi yomwe ayaka. Madzulo tumizani kwa adimini wa gulu lanu. Osaonjezera, osachepetsa. Nambala imodzi yabodza idzawapatsa mpata wotaya zonse. Amene muli ndi geni, lembaninso zomwe mwataya tsikulo: mitu yomwe simunamete, nsomba zomwe zaonongeka, geti lomwe silinathe. Amene munaphunzira zamakompyuta, tiuzeni, tisonkhanitse manambalawa pamodzi. Pakutha pa mwezi tidzawatengera ku MERA ndi kwa phungu wathu, masana, poyera.

Ndipo chonde, wina aliyense asakhudze thiransifoma, waya kapena mita. Woba mafuta a thiransifoma sabera kampani, amabera mayi wodikira kuchigayo uja. Wogwira ntchito wobwera kudzakonza ndi m'bale wathu, mulandireni bwino.

Mukapita kukadandaula ndi mawu oti "magetsi akuvuta", amakuyankhani kuti "tikuyesetsa". Mukapita ndi kope lonena tsiku, ola ndi dera, yankho limenelo silikwananso.

Tumizani uthengawu kumagulu ena. Makope akonzeke, Lolemba tiyamba.

Achinyamata anzanu a pa Njuli