Msonkho wa Nyumba Si wa Abambo Okha

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za kalata imene ambiri a ife sitifuna kuiona: kalata ya khonsolo ya mzinda wa Lilongwe yofunsa msonkho wa nyumba, umene pachizungu amautcha city rates. Ikafika pakhomo, ena timaisomeka kudenga, ena timaibisa pansi pa nsalu ya patebulo ndi kunena kuti aona okha bambo akabwera. Chizolowezi chimenechi ndi chakale. M'nthawi ya atsamunda ndi m'zaka zoyamba za ufulu wathu, msonkho wa pamutu unkafunsidwa kwa amuna, kotero kuti amayi tinazolowera kuganiza kuti nkhani ya msonkho sitikhudza. Koma msonkho uwu umatsata nyumba. Bambo akamwalira, kapena akapita ku Joni osabwerera, ngongole imatsala pakhomo pomwe mwatsala inu ndi ana.

Choyamba tisiyanitse zinthu zimene zimasokoneza ambiri. Pali lendi ya malo, imene imapita kwa mwini nthaka amene anakupatsani ploti, kaya ndi Unduna wa za Malo, kaya bungwe la Malawi Housing Corporation, kaya khonsolo yomweyo. Ndiye pali msonkho wa nyumba, umene umapita ku khonsolo yokha kuti igwirire ntchito zosamalira mzinda, monga kuchotsa zinyalala, kukonza ngalande ndi misewu ya m'madera mwathu, kusamalira misika ndi manda. Madzi a Lilongwe Water Board ndi magetsi a ESCOM ali ndi mabilu awoawo. Choncho mayi amene walipira lendi ya malo asagone tulo poganiza kuti wamaliza zonse.

Chisokonezochi chili ndi chiyambi chake. Pamene Lilongwe ankamangidwa kuti akhale likulu la dziko, chimene chinachitika mu 1975, malo ambiri anali m'manja mwa bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linathetsedwa mu 1984. Madera onga Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, kumene munthu ankapatsidwa ploti kuti amange yekha, anakhalapo m'manja mwa Malawi Housing Corporation, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaperekedwa ku khonsolo. Ploti limodzi linadutsa m'mabuku a maofesi angapo. Ena anagula nyumba kwa anzawo osasintha dzina, ndipo mpaka lero kalata imabwera m'dzina la munthu amene anasamuka kapena anatisiya kalekale. Ku Chinsapo ndi ku Mgona, kumene kunakula popanda mapulani, ambiri ali ndi kalata ya amfumu yokha. Inunso akumeneko pitani mukafunse ngati nyumba yanu inalembedwa m'kaundula.

Nanga ndalamayo amaiwerengera bwanji? Lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 likunena kuti khonsolo ikhale ndi kaundula wa nyumba ndi malo, ndipo kaundulayo azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Akatswiri amayeza mtengo wa malo ndi wa nyumba imene yamangidwapo, ndipo khonsolo imatenga kagawo kena ka mtengowo kukhala msonkho. Tsono nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, yokhala ndi midadada ya lendi kuseri, siingalipire chimodzimodzi ndi kanyumba ka zipinda ziwiri. Wolipira ndi mwini nyumba, osati wochita lendi. Mukaona kuti mtengo umene aikira nyumba yanu wachuluka, lamulo likukulolani kudandaula, koma dandaulo likhale lolemba ndipo lifike msanga, chifukwa masiku ake ndi owerengeka. Kung'ung'udza pampopi sikusintha kanthu m'kaundula.

Akulu anati mlandu suola. Msonkho ukachedwa, khonsolo imaonjezerapo chiongoladzanja, ndipo kangongole kamene kanali kotheka kamakula mpaka kulemera. Ngongole ikakhala zaka zingapo, lamulo likupatsa khonsolo mphamvu yopita kukhoti, kulanda nyumbayo ndi kuigulitsa. Amene amavutika kwambiri ndi amayi amasiye. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linateteza mkazi ndi ana kwa achibale olanda katundu, koma silinafafanize ngongole ya nyumba. Mayi akhoza kupambana mkangano ndi alamu ake, n'kupeza kuti ku khonsolo kukumudikira ngongole ya zaka khumi imene sanaimvepo.

Ndikudziwa funso limene lili pakamwa panu: tilipirirenji pamene zinyalala zaunjikana pamsika, ngalande zatsekeka, ndipo msewu wathu m'dzinja ngwa matope okhaokha? Funsoli ndi loona, ndipo sindikulinyoza. Tonse tikukumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali mmodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Amene anagona kuchipatala podikirira odwala tinali ife amayi. Koma kukana kulipira kumangokulitsa ngongole yathu, ndipo ngalande imakhala yotsekeka chomwecho. Kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 tinalibe makhansala, ndipo panalibe wathuwathu womufunsa. Tsopano alipo. Amayi makumi awiri opita kwa khansala wawo, aliyense lisiti lake m'manja, amalankhula mawu olemera kuposa munthu mmodzi wobisala kuopa ngongole.

Tsono tichite izi m'magulu mwathu mwezi uno. Mayi aliyense adziwe nambala ya ploti lake ndi dzina limene linalembedwa m'kaundula. Pitani awiriawiri kumaofesi a khonsolo ku City Centre mukafunse kuti ngongole yafika pati, ndipo ngati yakula, pemphani dongosolo lolipira pang'onopang'ono. Amene munagula nyumba kapena munasiyiridwa, funsani njira yosinthira dzina. Ndalama muzipereka pamalo ovomerezeka okha, ndipo musachoke popanda lisiti. Malisitiwo sungani m'chitini chouma pamodzi ndi makalata a ploti, ndipo mwana wamkulu adziwe pomwe ali.

Ku banki m'khonde tikhoza kutsegula thumba lapadera la msonkho. Tiyerekeze kuti bilu ya chaka chonse ndi K24,000. Imeneyo ndi K2,000 pamwezi, ndalama imene mayi wogulitsa mandasi kapena tomato angaipatule ngati ayamba msanga. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Abambo tiwauze mwaulemu kuti kalatayo tiziiwerengera limodzi, pakuti nyumba imene tinathandiza kuumba njerwa zake ndi yathu tonse. Kalata ija munaisomeka kudenga, kaitsitseni lero lomwe. Tsalani bwino, amayi anzanga, tidzachezanso sabata ya mawa.