Wopereka abise dzanja, wotolera aonetse kaundula



Mu 2014 ku America kunatuluka filimu yanthabwala yotchedwa Believe Me. Sinachokere ku makampani akuluakulu a ku Hollywood. Anaiwongolera ndi Will Bakke, ndipo anaijambula ku Austin m'chigawo cha Texas. Nkhani yake ndi ya Sam, mnyamata wa ku yunivesite amene ndalama za fizi zamuthera ali pafupi kumaliza maphunziro. Iye ndi anzake atatu aona kuti anthu opemphera sachedwa kupisa m'thumba akamva za ovutika. Ndiye ayambitsa bungwe labodza lotchedwa Get Wells Soon, lomwe akuti lidzakumba zitsime mu Africa. Chitsime sakumba ngakhale chimodzi. Bungwe lina la Chikhristu liwakhulupirira n'kuyamba kuyenda nawo m'mizinda yosiyanasiyana kuti azilankhula pamisonkhano, ndipo ndalama ziyamba kulowa zambiri.

Choseketsa kwambiri n'choti anyamatawa sadziwa chilichonse cha chipembedzo, koma achita kuphunzira malankhulidwe ake, kakwezedwe ka manja ndi nthawi yoyenera kugwetsa mawu kuti omvera agwidwe mtima. Anthu awaombera m'manja, koma za kumene kuli zitsimezo ndi ochepa amene afuna kudziwa.

Wina anganene kuti izi n'za Akhristu a ku America, ife sizikutikhudza. Ndikukana. Bakke mwini wake ndi Mkhristu, ndipo anaseka anthu a kwawo pofuna kuwatsina khutu. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Ife tikangoseka anzathuwo n'kuiwala kudziyang'ana, phunziro latidutsa. Kamberembere alibe chipembedzo. Amene anaphunzira kukweza manja m'tchalitchi angathenso kuvala mkanjo ndi kofia, kuloweza maduwa angapo ndi kutchula Insha Allah pamalo oyenera.

Komanso Africa imene anyamatawo ankagulitsa ndi ife tomwe. Zithunzi za amayi osenza ndowa ndi ana omwa madzi a m'dambo zimatolera ndalama kunja, ndipo kuno kwathu mauthenga opempha thandizo la mjigo, la ana amasiye kapena la malata a mzikiti amayenda tsiku ndi tsiku pa WhatsApp, ali ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba pamapeto. Ambiri mwa opemphawo ndi anthu oona mtima. Koma wabodza mmodzi akagwidwa, amene amalipira ndi oona mtimawo, chifukwa wopereka amene wapusitsidwa kamodzi amamanga thumba. Mudzi umene unkafunadi mjigo umapitiriza kumwa madzi a m'chithaphwi.

N'zosadabwitsa kuti nkhani ya madzi imatigwira mtima. Sa'd ibn Ubadah mayi ake atamwalira anafunsa Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, za sadaka yopambana, ndipo anauzidwa kuti ndi madzi, iye n'kukumba chitsime. Uthman ibn Affan anagula chitsime cha Rumah ku Madinah n'kuchipereka kwa Asilamu. Wachinyengo amadziwa kuti pamene mtima uli wofewa ndi pomwe mafunso amachepa.

Ndikudziwa zimene ena mwa akuluakulu athu angayankhe. Adzati sadaka ndi ya pakati pa munthu ndi Allah, malipiro amatsatira niya, ndipo kuganizira m'bale zoipa n'koletsedwa. Zonsezi n'zoona. Koma chinsinsi ndi cha wopereka. Wotolera wanyamula amanah ya anthu ena, ndipo amanah imayenda ndi kuwerengetsa. Mtumiki anatuma munthu wotchedwa Ibn al-Lutbiyyah kukatolera zakaat. Atabwerera anapatula zina n'kunena kuti izo anachita kupatsidwa ngati mphatso. Mtumiki sanalole, ndipo anadzudzula khalidweli pagulu. Ngati Swahaba anawerengetsedwa, ife ndife yani kuti tikhumudwe tikafunsidwa lisiti? Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, imalamula kuti ngongole izilembedwa ndiponso pazikhala mboni. Surah Al-Hujurat imene imatiletsa kuganizirana zoipa ndi yomweyonso imatilangiza kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu. Za zakaat, malire ake ndi odziwika: 2.5 peresenti ya chuma chosungidwa chimene chakwana nisab n'kutha chaka, ndipo Surah At-Tawbah ayah 60 inatchula magulu 8 oyenera kulandira. Chipembedzo chimene chinaika manambala chotere sichingadane ndi kaundula.

Choncho pempho langa kwa akuluakulu a komiti ndi ili. Chopereka cha Ijumaa chiziwerengedwa ndi anthu osachepera awiri, onse n'kusaina. Ndalama za chitukuko zizilowa ku akaunti ya mzikiti kapena ya sukulu yokhala ndi osainira angapo, m'malo mwa foni ya munthu mmodzi. Mwezi uliwonse pepala la zolowa ndi zotuluka lizimatidwa pakhomo la mzikiti. Mlendo wobwera ndi kalata yopempha thandizo asapatsidwe mpata wolankhula kwa jamaa komiti isanaimbire foni kumene akuti wachokera. Izi zimateteza msungichuma wokhulupirika kuposa wina aliyense, pakuti miseche imamera pamene palibe zolembedwa.

Inu makolo, musanatumize uthenga wopempha ndalama ku gulu lina, funsani kuti mjigowo ukumbidwa m'mudzi uti, mfumu yake ndani, ndipo ndani amene mukumudziwa amene wafikako. Wopempha moona mtima amayankha mosangalala. Amene akwiya kapena kukufulumizitsani kuti mawa kudzakhala kutachedwa wadziulula yekha.

Inu ophunzira, kumbukirani kuti Sam sanabadwe mbala. Anali ndi vuto lenileni la fizi, limene ambiri a inu mukulidziwa bwino. Anayamba ndi bodza limodzi loti limuwolotse, kenako bodzalo linafuna mabodza ena kuti liime, mpaka linayamba kupweteka anthu amene ankamukhulupirira. Vuto la fizi lili ndi njira yake yoyera: kuuza aphunzitsi aakulu, kuuza komiti. Ndipo mukamatolera ndalama za kalabu kapena za mnzanu wodwala, ngakhale zikhale za makobiri, lembani dzina lililonse ndi kuwerengera kalasi yonse.

Filimuyi ili ndi zina za moyo wa ku yunivesite za ku America zosagwirizana ndi chikhalidwe chathu, choncho mphunzitsi kapena kholo ayambe waionera asanaonetse ana. Koma ngakhale osaionera, funso limene anthu a m'filimuyo analephera kufunsa tiyambe kulifunsa ife mwaulemu pa Ijumaa ikubwerayi: ndalama za mwezi watha zinali zingati, ndipo zinagwira ntchito yanji?

Allah alandire sadaka zathu ndi kuzifikitsa kwa eni ake.