Mfuti ya "chitetezo" ikuteteza ndani?

Asisi, mwaimva nkhani yomwe yavuta m'magulupu a WhatsApp? Akuti akuba ng'ombe anyanya ku Nsaru ndi ku Kabudula, ndiye mwamuna weniweni azigona ndi mfuti kumutu. Ena mpaka akukangana kuti yabwino ndi iti, gogodela kapena AK-47 ngati zija zinkalowa kuchokera ku Mozambique nkhondo itatha mu 1992.

Koma ndifunseko. Wakuba amabwera kangati pa chaka? Nanga mkangano wa ndalama za fodya, bambo atabwera ataledzera, umabwera kangati? Mfutiyo imakhala m'nyumba masiku onse, ndipo amene ali nayo pafupi si wakuba ayi. Ndi mkazi ndi ana.

Ife a kuno ku Chitedze sitinaiwale. Mu October 2019, ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi apolisi, anthu omwe boma linawapatsa zida kuti atiteteze. Mu August 2020 High Court inalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Ngati ophunzitsidwa anachita zimenezo, ndiye tikhulupirire alamu athu ndi mfuti yogula mobisa?

Kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu. Akakuopsezani nayo, musati "ndi za m'banja". Pitani ku Victim Support Unit ku polisi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limakulolani kupempha khothi kuti likutetezeni.

Ng'ombe tizilondera limodzi ngati mudzi. Mfuti m'chipinda chogona, ife takana.