Wokuuzani kuti muchotse thermostat sadzakhalapo pa chitunda cha Zobue

Abale anga a pamsewu, Okutobala wafika, ndipo malangizo aja ayambanso kuyendayenda. Munthu akangofunsa kuti, "Ndili ndi Honda Fit yopanda AC, nditani kuti ndisapse pa ulendo wa ku Malawi?" mayankho amakhala atatu omwe aja: chotsani thermostat, lumikizani fani kuti izizungulira osaima, thirani madzi a pa mjigo chifukwa coolant ndi kutaya ndalama. Kuno ku Sunningdale mawu amenewa amanenedwa ngati lamulo, kuyambira kwa anyamata a mushikashika a mu Seke Road mpaka kwa amakaniko a pansi pa mtengo. Ine ndikuti malangizo atatu onsewa ndi olakwika, ndipo akutithera magalimoto amene tinagula ndi thukuta.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Pali kutentha kwa m'kati momwe mwakhala inuyo, ndiye pali kutentha kwa injini. Kwa m'kati kumabwera ndi dzuwa lolowa pa magalasi ndi lowomba padenga. Kwa injini kumachokera ku petulo amene akuyaka. Mukachotsa thermostat, pampando wanu sipazizira ngakhale ndi digiri imodzi. Mwaononga injini, thukuta likadali pamsana.

Ochotsa thermostat amati magalimoto a ku Japan anapangidwira dziko lozizira. Amene anayambitsa nkhani imeneyi sanaone chilimwe cha ku Japan. Mu July 2018 mumzinda wa Kumagaya kunatentha madigiri 41.1, pamene kuno ku Harare masana a Okutobala nthawi zambiri amasewera cha m'ma 30. Vitz yanuyo isanakwere sitima inali itazolowera kale kuima pa mizere ya magalimoto dzuwa likuswa mtengo, thermostat ili m'malo mwake.

Thermostat ndi kachitseko ka madzi. Injini ikakhala yozizira kamatseka njira yopita ku rediyeta kuti injini ifunde msanga. Madzi akafika madigiri pafupifupi 80, kamatseguka. Pa injini zambiri kachitseko komweko kakatseguka kamatsekanso njira ina yachidule, kuti madzi onse akakamizike kudutsa mu rediyeta. Mukakachotsa, madzi ena amangozungulira m'njira yachiduleyo osapita kukazizira. Ndiye m'mawa wa mu June, mukutsika Seke Road kupita ku Graniteside, injini imakhala yozizira mopitirira muyeso: kompyuta imathira petulo wochuluka, oyilo safunda bwino, zitsulo zimadyana. Pa chitunda, katundu ali phamphu, injini yomweyo ikhoza kuwira. Mwaluza mbali zonse ziwiri.

Ndiwapatse chilungamo chawo amakaniko. Thermostat imatha kufa itatseka, ndipo zikatero galimoto imawiradi. Ngati zakuchitikirani pakati pa Changara ndi Tete, kuichotsa kuti mukafike m'tauni ndi nzeru. Koma mukafika, gulani ina muikemo. Kuiyesa sikufuna sukulu: iponyeni mumphika wa madzi ali pamoto, muone ngati ikutseguka madzi asanawire. Vuto ndi loti ambiri amachotsa thermostat yabwinobwino chifukwa ndi ntchito yosavuta, pamene nthenda yeniyeni ndi rediyeta yotsekeka, chivindikiro chotha, pampu ya madzi yodyeka kapena fani yakufa. Galimoto imaoneka ngati yachira chifukwa mukungoyenda Sunningdale, Mbare, m'tauni, n'kubwerera. Mayeso ake enieni ali kutsogolo.

Taganizirani msewu umene timayenda. Harare ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,500. Mukadutsa Murewa ndi Mutoko mumayamba kutsika, ndipo pofika pa Nyamapanda, makilomita pafupifupi 240, mpweya wasintha kale. Tete ili m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala madigiri 40 si nkhani yodabwitsa kumeneko. Mukangowoloka mtsinje n'kudutsa Moatize, msewu umayamba kukwera kulowera ku Zobue. Apo ndiye injini yaing'ono imagwira ntchito yolemetsa kwambiri, mpweya wodutsa pa rediyeta uli wotentha kale, kumbuyo kuli mabelo. Magasiketi ambiri amapsera pamenepo. Amene anakuchotserani thermostat uja nthawi imeneyo ali ku Harare akudya sadza.

Za madzi a pa mjigo. Ndikudziwa kuti kuno madzi a pa mpope ndi osadalirika, ndipo chigubu cha pa mjigo ndicho chili pafupi. Koma tayang'anani m'kati mwa ketulo yanu. Zoyera zomatirira zija ndi zimene zimamatanso m'timachubu ta rediyeta, ndipo timachubu timeneti ndi tating'ono kwambiri. Onjezani dzimbiri, chifukwa madzi wamba alibe mankhwala oteteza zitsulo ndi aluminiyamu. Kuno ku Harare, chifukwa cha kukwera kwa dziko, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Chimene chimawaletsa kuwira mu injini ndi chivindikiro cha rediyeta, chimene pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono chimalembedwa 1.1. Chikakhala chabwino, madzi amapirira mpaka cha m'ma 120. Labala yake ikatha, chitetezo chonsecho chapita. Kanthu kotchipa kuposa nkhomaliro ya anthu awiri pa boda, koma anthu amayenda ndi chivindikiro chomanga ndi pulasitiki. Gulani chatsopano, tsukitsani rediyeta, thirani coolant monga zalembedwera pa botolo. Ngati ndi yofunika kusakaniza, sakanizani ndi madzi a batire, osati asidi.

Fani yolumikiza dailekiti nayonso ndi kubisa matenda. Fani inapangidwa kuti iziyaka yokha madzi akadutsa madigiri 90, n'kuzima akatsika. Ngati sikuyaka, chafa ndi fyuzi, relay kapena sensa, ndipo chimenecho ndicho chofunika kukonza. Yozungulira osapuma imatha msanga, ndipo imafa tsiku limene mukuifunitsitsa, muli pa mzere wa pa Cuchamano.

Eni ma Fit ndi ma Vitz, kumbukirani kuti ambiri mwa magalimoto anu alibe geji ya kutentha. Muli ndi timagetsi tiwiri basi. Kabuluu kamatanthauza kuti injini sinafunde. Ngati kakuchedwa kuzima kapena kakubwerera mukutsika phiri, dziwani kuti wina anachotsa kale thermostat. Kofiira kakangothwanima, musati ndikafike kaye pa filing'i. Tsegulani hita mpaka kumapeto, mawindo onse pansi, patukani pamalo abwino, muime. Hita ndi karediyeta kena kamene kamakoka moto mu injini. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha, nthunzi yake imasupula nkhope. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha. Dikirani theka la ola kapena kuposa.

Tsopano kutentha kwa m'kati, kumene kunali funso lenileni. Mankhwala ake ambiri ndi aulere.

Dzuwa limalowera pa galasi la kutsogolo n'kuotcha dashibodi, dashibodiyo n'kusanduka mbaula. Mukaima paliponse, phimbani galasilo ndi chotchinga chonyezimira chija, kapena katoni ngati mulibe. Imikani galimoto chofulatira dzuwa. Ponyani thaulo loyera pa chiwongolero ndi pa mipando, makamaka ya chikopa chakuda. Musanalowe, tsitsani windo la mbali inayo, ndiye mutsegule ndi kukankha chitseko chanu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ngati mukupemerera moto. Mpweya wotentha umatuluka pompo.

Poyenda, fani ya m'kati ikhale pa mpweya wochokera panja, osati wozungulira momwemo. Batani lozunguza mpweya lija ndi la amene ali ndi AC. Kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasinjala, magalimoto ambiri ali ndi sefa ya mpweya imene eni ake sanaionepo chigulireni. Itulutseni, mudzaona fumbi la zaka, ndipo mukasintha mudzadabwa mphamvu ya faniyo. Tsegulani windo lanu ndi la kumbuyo la mbali inayo kuti mphepo izidutsa mopingasa. Nyowetsani chitenje kapena kathaulo muike m'khosi. Mu Okutobala, mpweya uli wouma, zimenezi zimaziziritsa kwambiri. Mvula ikayamba mphamvu yake imachepa. Imwani madzi musanamve ludzu. Mowa ndi zakumwa zija zochotsa tulo sizilowa m'malo mwa madzi, ndipo dalaivala wouma m'thupi amasinza.

Chachikulu kuposa zonse ndi nthawi. Konzani ulendo kuti chigwa cha Tete ndi chitunda cha Zobue muzidutse m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Madalaivala a matiraki amadziwa kale zimenezi, n'chifukwa chake masana mumawapeza atagona pansi pa thilera. Pa mzere wa pa boda zimitsani injini. Galimoto yoima ikulira imangodziphika, ndipo moto wake umakwerera kwa inu.

Katundu naye tinene zoona. Galimoto ya anthu asanu si lole. Tikaika mabelo mpaka kudenga, ena pamwamba, injini ndi giyabokosi ya CVT zimatentha, ndipo mphepo m'kati siyenda. Amene muli ndi Aqua kapena Fit ya hybrid, batire lalikulu limaziziritsidwa ndi mpweya wa m'kati, wolowera pa kabowo kamene kali cha ku mpando wa kumbuyo. Mukatseka kabowoko ndi thumba la kaunjika, mukuphika batire, ndipo mtengo wake mukuudziwa.

Chimodzi ichi chokha si nkhani ya ndalama. Musasiye mwana m'galimoto yoimika padzuwa, ngakhale mukuti mukungokadinditsa pasipoti. M'kati mumatha kukwera madigiri 10 m'mphindi khumi zokha, ndipo kutsitsa windo pang'ono sikuthandiza kwenikweni. Thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu, ndipo mzere wa pa boda sudziwika kutha kwake. Mutengeni. Mukaona mwana wa wina atatsekeredwa, musachite manyazi, itanani mwini wake mokuwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Amakaniko amene muli muno, sindikunyoza ntchito yanu. Ambiri a inu mwatipulumutsa usiku m'malo oopsa. Koma kasitomala akabwera ndi galimoto yowira, pezani chimene chikuiwiritsa. Mukachotsa thermostat, muuzeni kuti mwachotsa ndipo abwere ndi ina. Kumubweza osamuuza ndi kumutumiza ku Tete ndi bomba pansi pa boneti.

Ndipo inu eni magalimoto, safunsa anadya phula. Musananyamuke sabata ino funsani mafunso anayi: thermostat ilimo? Chivindikiro chili bwino? Fani ikuyaka yokha? M'rediyetamo muli coolant kapena matope? Zinayi zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa gasiketi ndi kupala hedi, osawerengera kukokedwa kuchokera ku Moatize, katundu wochedwa, ndi makasitomala a ku Limbe amene akhala atagula kwa wina. Amene akutsutsa atiuze kuti galimoto yake yopanda thermostat yakwera Zobue kangati masana ili ndi katundu, ndipo injini imene ilimoyo ndi yachingati.