Mashoku a pikiapu sasenza katundu

Pa zida zonse zimene mwini pikiapu amasintha pa moyo wa galimoto yake, mashoku ndi amene amagulidwa kawirikawiri pa chifukwa cholakwika. Galimoto ikayamba kukhala pansi chakumbuyo pamene yasenza matumba a chimanga kapena a simenti, eni ake ambiri amathamangira kogulitsa masipeyala kukafunsa mashoku olimba, poganiza kuti chidacho ndicho chimanyamula kulemera, pamene ntchito imeneyo ndi ya masipuling'i. Toyota Hilux, imene ili m'gulu la mapikiapu ofala kwambiri m'misewu ya Malawi ndi Zambia, ili ndi masipuling'i a zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana kumbuyo, ndipo kuyambira pa mtundu umene udatuluka mu 2005, kutsogolo kwake kuli sipuling'i yopotana imene imazinga shoku. Zitsulo zakumbuyozo zikatopa n'kuwongoka, palibe shoku imene ingadzutse galimoto, ngakhale itagulidwa pa mtengo wokwera bwanji, ndipo ndalama zimene zapita pamenepo zikanathandiza kwambiri zikanagulira masipuling'i.

Ntchito ya shoku ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kunjanja. Sipuling'i ikapanikizidwa ndi bampu imasunga mphamvu n'kuibweza, ndipo popanda choigwira imabwereza kukwera ndi kutsika kangapo isanakhazikike. Shoku ndi chubu chodzaza oyilo, ndipo mkati mwake muli pisitoni, kutanthauza chitsulo chobulungira chomangidwa ku ndodo, chimene chili ndi timabowo totsekedwa ndi timavalavu topyapyala. Tayala likakwera kapena kutsika, oyilo amakakamizidwa kudutsa m'timabowoto, ndipo mphamvu ya kunjanja kuja imasanduka kutentha kumene kumatuluka kudzera m'khoma la chubu. Phindu lalikulu la zimenezi si kukhala bwino kwa okwera, koma kuti tayala likhale logunda pansi nthawi zonse, chifukwa tayala limene lili m'malere, ngakhale kwa kamphindi, silimvera mabuleki kapena chiwongolero.

Popeza shoku imagwira ntchito posandutsa kugwedezeka kukhala kutentha, funso loyamba posankha yatsopano liyenera kukhala la msewu umene galimoto imayendamo masiku ambiri. Dzenje limodzi la pa tala limamenya shoku mwamphamvu, koma kamodzi kokha, ndipo oyilo amapeza mpata wozizira. Chimene chimapha mashoku ndi msewu wa fumbi umene wachita timizere topingasa ngati malata, monga zimakhalira nthawi ya chilimwe m'misewu yambiri ya kumidzi ndi yopita kumalo osungirako nyama zakutchire, chifukwa pamenepo pisitoni imakwera ndi kutsika kambirimbiri pa sekondi iliyonse kwa maola athunthu. Oyilo akatentha amasungunuka kwambiri n'kuyamba kuchita thovu, ndipo popeza thovu limafinyika mosavuta, pisitoni imadutsamo popanda choiletsa. Dalaivala amazindikira zimenezi pamene galimoto imene inanyamuka ili yokhazikika iyamba kuyandama ndi kutaya kumbuyo pa makona ulendo uli pakati. Pofuna kuchepetsa thovuli, opanga amaikamo mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa, ndipo mashoku otere ndi amene ogulitsa amawatcha a gasi, ngakhale kuti nawonso ali ndi oyilo ndipo oyiloyo ndiye amagwira ntchito yeniyeni.

Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri. Wofala ndi wa machubu awiri, limodzi mkati mwa linzake, momwe pisitoni imayenda m'chubu chamkati ndipo mpata wa pakati pa machubuwo umasunga oyilo wotsala pamodzi ndi mpweya wochepa mphamvu. Mtundu wachiwiri ndi wa chubu chimodzi, umene maziko ake adaikidwa ndi katswiri wa ku France, Christian Bourcier de Carbon, ndipo kampani ya Bilstein ya ku Germany idauyambitsa pa magalimoto a Mercedes-Benz mu 1957. Mu mtundu umenewu oyilo ndi mpweya zimalekanitsidwa ndi pisitoni ina yoyandama, mpweyawo umapanikizidwa kuwirikiza kangapo kuposa wa m'tayala, ndipo popeza khoma ndi limodzi lokha, kutentha kumatuluka msanga. Pa msewu wa malata shoku ya chubu chimodzi imapirira nthawi yaitali, koma ili ndi pofooka pamene otsatsa malonda satchula kawirikawiri. Mwala woponyedwa ndi tayala lakutsogolo ukabonyola khoma lake, pisitoni imakanirira pobonyokapo ndipo shokuyo yatha, pamene ya machubu awiri imapitiriza kugwira ntchito chifukwa chabonyoka ndi chubu chakunja chokha. Choncho wogula shoku ya chubu chimodzi yoika kumbuyo kwa pikiapu yoyenda m'miyala ayenera kuonetsetsa kuti ili ndi chotchinga miyala, apo ayi ubwino wake ungathe pa ulendo umodzi.

Mayina a makampani amathandiza pokhapokha wogula akadziwa chimene mtundu uliwonse udapangidwira. Kampani ya KYB ya ku Japan imapanga Excel-G, ya machubu awiri, imene cholinga chake ndi kubwezera galimoto mmene inalili pochoka ku fakitale, komanso Gas-a-Just, ya chubu chimodzi, imene ndi yolimbirapo. Bilstein ili ndi 4600 ya magalimoto amene sanakwezedwe ndi 5100 ya amene akwezedwa, pamene Monroe ndi Gabriel, mayina odziwika m'masitolo a kummwera kwa Africa, ali ndi mitundu wamba ndi ina ya ntchito zolemera. Njira imene ikuoneka yanzeru kuposa zonse ndi ya Old Man Emu, mtundu wa zida za kampani ya ARB ya ku Australia, imene imayamba yafunsa kulemera kumene galimoto imanyamula tsiku ndi tsiku, kenako n'kupereka sipuling'i ndi shoku zogwirizana. Mfundo yake ndi yoona ngakhale kwa munthu amene sangakwanitse mtengo wa zida zimenezo: shoku imasankhidwa molingana ndi sipuling'i imene ikaigwire. Shoku yolimba kwambiri pa pikiapu imene nthawi zambiri imayenda yopanda katundu imachititsa kumbuyo kudumpha pa malata m'malo motsatira nthaka, ndipo galimoto yotere ndi yoopsa kuposa imene ili ndi mashoku wamba atsopano. Kwa Hilux kapena Fortuner yoyenda m'tauni ndi kupita kumudzi mwa apo ndi apo, shoku ya gasi ya machubu awiri yochokera ku kampani yodalirika ndi yokwanira.

Utali wa shoku ndi nkhani imene siifuna kuyerekeza ndi maso. Shoku iliyonse ili ndi miyeso iwiri, wa pamene yatambasuka kotheratu ndi wa pamene yafinyika kotheratu. Ikakhala yaifupi, monga zimachitikira galimoto ikakwezedwa koma mashoku n'kusiyidwa akale, ndiyo imayamba kugwira kulemera kwa ekiselo tayala likagwera m'dzenje, ndipo pamapeto pake imazula pomangira. Ikakhala yaitali, imagunda pansi pake mphira woletsa ekiselo asanafikidwe, ndipo timavalavu timaphwanyika. Magalimoto ambiri a m'dera lino adabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ena kuchokera ku South Africa, ndipo awiri a dzina limodzi ndi chaka chimodzi angathe kusiyana zida zapansi, n'chifukwa chake nambala ya chasisi ndiyo iyenera kupita kusitolo, osati dzina la galimoto lokha. Mitundu ina ya Land Cruiser Prado ili ndi mashoku olamulidwa ndi magetsi komanso matumba a mpweya kumbuyo m'malo mwa masipuling'i, ndipo kuikapo mashoku wamba kumafuna makaniko wodziwa kusintha dongosolo lonselo.

Mashoku a kaunjika, ochotsedwa pa magalimoto ophwasulidwa, amakopa chifukwa cha mtengo, koma ndi chida chimene kutha kwake sikuoneka kunja, ndipo kuikankha ndi manja pa kauntala sikufika ngakhale pang'ono pa liwiro limene pisitoni imayendera pa msewu. Vuto lomwelo lili ndi mayeso otchuka okankhira galimoto pansi n'kuona ngati inganjanje, chifukwa pa pikiapu ya masipuling'i olimba mayesowa amangogwira shoku imene idafa kalekale. Zizindikiro zodalirika ndi oyilo woyenderera m'mbali mwa chubu, kusiyana ndi kachinyezi kochepa kamene sikodetsa nkhawa, matayala odyeka mwa zigambazigamba mozungulira, kutsogolo komira kwambiri poponda mabuleki, ndi shoku imene imapezeka yozizira pamene inzake yafunda galimoto itayenda pa msewu woipa. Monroe imalangiza kuganizira zosintha mashoku pa makilomita 80,000, koma galimoto ya m'misewu ya fumbi iyenera kuyang'anidwa isanafike pamenepo.

Posintha, mashoku amagulidwa awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse, chifukwa yatsopano mbali imodzi ndi yotopa mbali inayo zimapendeketsa galimoto pa makona ndi pa mabuleki. Mabushi, amene ndi mphira wa pomangira, amasinthidwa nthawi yomweyo, ndipo mabawuti ake amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa pa jeke n'kuima pa matayala ake, kuti mphirawo usakhale wopotoka ndi kung'ambika msanga. Kutsogolo kwa Hilux, sipuling'i yopotana ija imachotsedwa ndi chida chofinyira chopangidwira ntchitoyo, osati ndi waya kapena zingwe, popeza ikapulumuka imatha kuthyola dzanja kapena kupha munthu, ndipo ntchito ikatha matayala akutsogolo ayenera kukawongoledwa pa makina galimoto isanayambe ulendo wautali.